Maso a Amuna Anga ndi Khanda la Aneba

Amuna anga ali ndi maso a mphaka. Ndanena poyambirira kuti tithane nazo, chifukwa aliyense wokumana nawo koyamba amaiwala moni n'kumangowayang'ana. Ndi ofiirira mowala ngati uchi, ndipo pa dzuwa amaoneka obiriwirako pang'ono. Khungu lawo ndi lakuda bii ngati langa, ndiye masowo amaonekera patali. Ineyo ndili mtsikana ndinakopeka ndi maso omwewo, sindibisa. Ndikanadziwa kuti adzandisautsa chonchi, bwenzi nditangolola mnyamata wina wa m'kwaya, wa maso wamba, amene ankandiperekeza pochokera kutchalitchi.

Nthawi imene ndikukambayi tinkachita lendi pa mdadada wina ku Kawale: nyumba zogundizana, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, bafa ndi chimbudzi kuseri. Alandilodi, mayi wamasiye wachikulire, ankakhala nyumba yoyang'anizana ndi geti, moti munthu sunkalowa kapena kutuluka iwo osadziwa. Amuna anga amawotcherera zitsulo ku Biwi, mageti ndi mafelemu a mawindo. Ine ndimasoka, ndipo makina anga ankakhala pakhonde. Tinali ndi ana atatu, anyamata awiri ndi mzime wamkazi amene anali atangoyamba sukulu.

Khomo loyandikana ndi lathu munkakhala banja latsopano. Mwamuna anali kondakitala wa minibasi, mkazi anali mtsikana wofatsa wa ku Ntcheu amene ankanditchula kuti achemwali. Ali woyembekezera ndinamusokera madiresi otakasuka, ndipo tsiku lake litakwana ndine ndinamunyamulira beseni ndi zitenje popita kuchipatala. Anabereka mwana wamwamuna, wonenepa bwino.

Mwana atatuluka m'chikuta, amayi tonse a pa mdadada tinapita kukamuona. Kwathu kuno sunyamula khanda n'kungoti lakongola basi. Umayenera kulifufuza bwinobwino mpaka upeze cha bambo ake, ngakhale chikhale chala chakuphazi. Ndi ulemu umenewo, komanso ndi njira youzira mwamuna kuti gonani tulo, katunduyu ndi wanu. Khandalo linali m'tulo, ndiye ntchito inayenda bwino. Alandilodi anapeza mphuno ya bambo ake. Mayi wa khomo lomaliza, wogulitsa makala, anapeza makutu. Wina anapeza chipumi. Kondakitala uja anali ataima panja, akumwetulira ngati wadzaza minibasi pa siteji imodzi.

Kenaka anandipatsira ine. Ndinali nditakhala chapakhomo pomwe pankalowa kuwala, ndipo mwanayo anasankha nthawi imeneyo kuti atsegule maso. Anali otuwa mowala, ngati madzi otsukira mpunga.

Alandilodi anakhosomola. Mayi wa makala anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ananso khoma lolekanitsa nyumba yathu ndi ya anebawo, ngati kuti pali chibowo chimene sanachionepo.

"Koma masowa," anatero, n'kulekera pomwepo.

Mawu awiri okhawo anakwanira. Pa mdadada nkhani imayenda ndi ndowa: imachoka pampopi m'mawa, pofika masana yalowa nyumba iliyonse, madzulo yadumpha mpanda. Sabata isanathe, anthu amene sindinalankhulanepo nawo anayamba kundipatsa moni wa pamaliro. Ndikamatunga madzi, wina ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Amuna ndi choncho." Azimayi ankabwera ndi masiketi abwinobwino kuti ndiwapindire m'munsi, n'kukhala pakhonde langa makosi atapindikira khomo la aneba. Mkulu wanga wa ku Chinsapo anaimba foni kufunsa ngati andikonzere chipinda. Nkhani inawoloka tauni yonse popanda kulipira minibasi.

Zinandinyansa kwambiri, chifukwa ine sindinakayikire amuna anga ngakhale tsiku limodzi. Sindinawafunse n'komwe. Munthu amene wakhala naye zaka zonsezo umamudziwa. Ndiponso maso amenewa ndinkawadziwa mbiri yake. Apongozi anga onse awiri, aamuna ndi aakazi, anali ndi maso akuda. Abale awo a amuna anga onse ndi a maso akuda. Wa maso a mphaka pa mtundu wawo anali mlongo wa agogo awo, amene anamwalira amuna anga asanabadwe. Magazi a munthu ali ngati thumba langa la zidutswa za nsalu: umaponyamo kachidutswa lero, n'kuiwala, kadzatulukira pa diresi la mwana wina patapita zaka. Ngati zinachitika kwa apongozi anga, zikanalephera bwanji kwa kondakitala kapena kwa mkazi wake? Ndani anapita ku Ntcheu kukatsegula maso a anthu onse a kumanda kuti aone mtundu wake?

Mtsikana uja atapita ndi mwana kusikelo, anafunsa anamwino. Anamuuza kuti makanda ena amabadwa ndi maso owala, ndipo amadera pang'onopang'ono mwana akamakula. Anamuuzanso kuti mtundu wa maso mwana satengera kwa munthu mmodzi, umachokera mbali zonse ziwiri, nthawi zina kwa makolo akutali amene palibe akuwakumbukira. Anabwera akuthamanga kudzandiuza, misozi ili m'maso, ndipo ine ndinakanena pampopi mokweza kuti aliyense amve. Mayi wa makala anangotukula mapewa.

"Anamwinowo amakhala pa mdadada pano?" anafunsa, anzake n'kuseka.

Amuna anga nawo sanathandize. Ataona kuti anthu akuwayang'anitsitsa pa geti, anayamba kubwera kunyumba atavala magalasi akuda a kuntchito. Munthu wamkulu, dzuwa litalowa, akulowa pa mdadada ndi magalasi owotcherera, akupunthwa pa ndowa za eni. Ndinawauza kuti avule, akuoneka ngati wakuba amene akudziulula yekha. Iwo anati akupewa mikangano. M'mawa mwake pampopi nkhani inali yakuti akubisa umboni.

Kondakitala analeka kunyamula mwana. Analeka kudya pakhomo. Anzake ku depoti ankamuyang'ana m'maso n'kumulirira ngati mphaka. Tikakumana pa geti ankayang'ana kumbali. Mapeto ake anaitanitsa ankhoswe, ndipo anatumiza mawu kudzera kwa alandilodi kuti amuna anga nawonso akapezeke, chifukwa dzina lawo latchulidwa. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nthabwala zatha. Mlandu ukanawagwera, mtsikanayo akanabwerera ku Ntcheu ndi khanda kumsana, ndipo ine dziko lonse likanayembekezera kuti ndilongedze. Banja langa linali pa chiswe chifukwa cha mtundu wa maso a mwana wa eni.

Loweruka masana alandilodi anabwera pakhonde langa ndi chitenje choti ndiwasokere m'mphepete. Anakhala pampando, anadikira kuti makina ayambe kulira, ndiye anandiyandikira.

"Mawa amuna anu akangokhala chete," anatero. "Mtsikanayu ndalankhula naye. Akanena kuti ali ndi pakati ankadana nawo abambowa. Mukudziwa inu, mayi woyembekezera akadana ndi munthu, mwana amabadwa wofanana naye. Ankhoswe mbali zonse akudziwa kale. Nkhani ithera pomwepo."

Ine zimenezo sindizikhulupirira. Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba ndinkadana ndi bambo wina wogulitsa nyama, wadazi lofika kunkhongo, koma mwana anabadwa ndi tsitsi lodzaza mutu. Komabe ndinaona nzeru yake. Akuluakulu anali atatsegula khomo loti aliyense atulukirepo osawerama: mtsikana osalakwa, kondakitala osachita manyazi kubweza mawu, amuna anga oyera. Nyumba ikamapsa sufunsa ngati khomo lili lokhota. Madzulo ndinawakhazika amuna anga pansi, ndinawafotokozera zonse, n'kuwapempha chinthu chimodzi chokha, kuti atseke pakamwa.

"Ndamva, mayi," anatero. Ndikanadziwa, ndikanawasoka milomo pa makina.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mdadada. Kuchimuna kunabwera amalume a kondakitala, kuchikazi kunabwera azakhali a mtsikanayo. Alandilodi anakhala pakati poti malo ndi awo. Ena onse sanaitanidwe, koma tsiku limenelo aliyense anali ndi zochapa, ndipo chingwe choyanikapo chinali pafupi.

Zinayamba bwino kwambiri. Azakhali anamufunsa mtsikanayo ngati panali munthu amene mtima wake unkamukana ali woyembekezera. Iye anawerama, akusisita mutu wa mwana.

"Analipo," anatero motsitsa. "Abambo awa."

"Anakulakwira chiyani?"

"Palibe. Kungoti ndikawaona mtima unkandinyansa. Likhweru lawo lija la m'mawa pampopi linkandibweretsa nseru. Fungo la zitsulo zopsa pa ovolosi yawo. Ngakhale kayendedwe kawo. Ndikawamva akubwera ndinkatseka chitseko."

Anaonjezako mchere pang'ono, koma ndani akanamudzudzula, munthu akupulumutsa banja lake. Amalume aja anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. Anati zimenezi zimachitika, kwawo kunali mayi wina amene ankadana ndi mphunzitsi wachibwibwi, mwana anadzayamba kulankhula mwachibwibwi. Azakhali anavomera. Alandilodi anavomera. Ndinaona nkhope ya kondakitala ikumasuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anasuzumira m'chitenje momwe munali mwana. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuthokoza Mulungu.

Ndiye ndinamva mpando wa pambali panga ukukwekwerezeka.

"Pepani akuluakulu, ndiyankhulepo," anatero amuna anga.

Ndinawaponda phazi. Ndinawakoka malaya. Anangochotsa dzanja langa ngati akuchotsa chitedze.

"Ine ndakhala pano zaka zambiri, sindinakanganepo ndi munthu. Mtsikana uyu mbaula yake itathyoka mwendo ndinamuwotcherera ine. Lero ndikumva kuti ndimanunkha, likhweru langa ndi losanzitsa. Mundichotse mlandu pondinyoza? Ayi. Izi ndi zikhulupiriro chabe, ine ndikufuna tikambe zoona zake."

Tangoganizani. Munthu amunamizira chigololo mwezi wathunthu, iye chete, wavala magalasi. Amunena likhweru, ndiye wapsa mtima. Anaitana ana athu onse atatu, amene anali kusewera chakugeti, n'kuwandandalika padzuwa kuyambira wamkulu mpaka mzime, ngati asilikali.

"Tsegulani maso," anawauza. Kenaka anatembenukira ankhoswe. "Tayang'anani, akuluakulu. Ana anga awa, obadwira m'nyumba mwanga. Alipo wa maso ngati anga? Onse ndi akuda bii. Ndiye ngati maso angawa akanika kulowa mwa ana anga atatu, alumpha bwanji khoma kukalowa mwa mwana wa aneba?"

Anakhala pansi atatukula chifuwa, ngati loya amene wapambana ku khoti lalikulu. Anandiyang'ana kuti ndiwayamikire.

Amalume anayang'ana anawo mmodzimmodzi. Azakhali anayang'ana pansi. Alandilodi anatseka maso n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Ndiye kuchokera kuseri kwa bulangete lonyowa pachingwe paja kunamveka mawu a mayi wa makala, odekha ngati akuvomera pemphero.

"Zoonadi. Palibe ngakhale mmodzi."

Ndinamva maso onse a pa mdadada akuchoka pa mtsikana uja, akudutsa amuna anga, n'kudzatera pa ine.

Mlandu wa aneba unatha tsiku lomwelo. Ankhoswe anagamula kuti panalibe cholakwa, kaya ndi chidani cha pa mimba kaya ndi za kumtundu, banja lipitirire. Kondakitala ananyamula mwana wake, anagwirana chanza ndi amuna anga, mpaka anawatchula kuti bigi. Patapita miyezi maso a khanda lija anayamba kudera monga ananenera anamwino, anafika pofiirira wamba, oti sungawacheukire kawiri. Palibe anabwera kudzanena kuti tinalakwa. Pofika nthawi imeneyo anthu anali atapeza kale chakudya china, ndipo chakudyacho ndinali ine.

Moni wa pamaliro uja anasamukira kwa amuna anga. Amuna anzawo ankawagwira paphewa pa geti. Ana anga akamadutsa pampopi, azimayi ankaleka kutsuka mbale n'kuyamba ntchito ija yofufuza mphuno ndi makutu, koma ulendo uno akufufuza za anthu ena. Wamkulu akuti anafanana ndi wogulitsa nyama uja. Wachiwiri akuti kayendedwe ndi ka m'busa wina. Mzime sanamupezere mwini, koma anati adzapezeka. Ine amene ndinkakhala pakhonde tsiku lonse, pamaso pa mdadada wonse, phazi lili pa makina, ndinapeza nthawi yobereka ana atatu ndi amuna atatu osiyana alandilodi osaona. Ndinkapsa mtima mpaka ulusi kumaduka.

Amuna anga ndinawakalipira mpaka mawu anandithera. Ndinawauza kuti akuluakulu anawatsegulira khomo, iwo n'kusankha kugumula khoma, njerwa zake n'kugwera ine ndi ana. Ndinawakumbutsa za makolo awo. Ndinawauza kuti kwathu tonse ndife a maso akuda kuyambira kalekale, ndipo kuda kumaphimba kuwala, monga ulusi wakuda umaonekera pa nsalu yoyera. Ana athu anatenga maso anga, koma a mphakawo mwina ali nawo m'magazi, adzatulukira mwa adzukulu kapena mwa zidzukulutudzi, ife titapita.

"Ndikudziwa zimenezo, mayi," anatero akuseka. "Asiyeni alankhule, atopa okha."

Ndinawakhulupirira. Ndinkati munthu amene walawa yekha kuwawa kwa bodza la maso sangalimeze likabwera ndi dzina la mkazi wake. Koma ku Biwi amakhala tsiku lonse ndi anzawo, ndipo amuna akagwira nkhani saisiya msanga, kuposanso ife a pampopi. Likhweru la m'mawa lija linatha. Ndinkaganiza kuti ndi chifukwa cha mawu a mtsikana uja.

Loweruka lina m'mawa ndili pa makina, mzime wathu anabwera n'kuima pambali panga, akutikita diso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Amami, tandiuzirani m'diso."

Ndinaimitsa makina. Ndinamugwira chibwano, ndinatsegula chikope cham'munsi, cham'mwamba. Diso linali loyera bwinobwino, kungofiira pang'ono pomwe ankatikitapo.

"Likukuwawa?"

"Ayi."

"Nanga ndiuzirenji?"

"Adadi akuti muli kachitsotso. Dzulo anakafuna, sanakapeze. Lero anditengeranso padzuwa, akuti ndiyang'ane kumwamba, koma sakukapezabe. Achimwene nawonso akuti ali nako." Anandiyang'ana ndi maso ake akuda aja. "Kakapanda kuchoka ndichita khungu?"

Ndinakweza mutu. Amuna anga anali pampopi, atandifulatira, akusukusula nkhope imene anali atasukusula kale.

Ndakhalapo wokwiya m'moyo mwanga, koma tsiku limenelo mkwiyo sunabwere. Chinabwera ndi chisoni. Ndinagwira nkhope ya mwana wanga ndi manja awiri, ndinatsegula diso lopanda kanthulo, n'kuuziramo kamodzi mwamphamvu. Ndinapukuta pakona ndi nsonga ya chitenje n'kumuonetsa.

"Ndi aka, kachoka. Ukawauzenso achimwene ako kuti kawo ndichotsa ine. Pita kasewere."

Anaphethira kawiri, anaseka, anathamangira kugeti.

Ndinadzuka n'kupita pampopi. Panalibe munthu wina, mwamwayi. Ndinaima pambali pawo n'kulankhula motsitsa kuti makoma asamve.

"Kachitsotso kaja ndakachotsa. Mukadzakafunanso, musadzagwire chibwano cha mwana wanga. Mudzabwere kwa ine, mudzandiyang'ane m'maso, mundifunse."

Sanatembenuke. Ndowa inadzaza n'kuyamba kutayikira pa mapazi athu, ndipo ndine ndinatseka mpopi.

Pa mdadada paja tinasamukapo, ana akula, tikukhalabe nyumba imodzi. Chiyambire tsiku lija sanagwirenso mwana chibwano. Koma mpaka lero sanandifunse, ndipo sindikudziwa ngati anachita manyazi kapena akuopa yankho.